Duwa la Kuphiri ndi Mapazi a Achemwali

Bambo anga ankanyamula matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje, ndipo m'moyo wawo wonse katundu wopepuka amene anatsika naye anali duwa basi. Analipeza litagwa pamodzi ndi nthambi m'chigwa china, n'kudzalimangirira ndi luzi pamphanda ya mtengo wa mango pabwalo pathu. Amayi anawaseka kuti amuna anzawo amabwera ndi nyama, iwo abwera ndi udzu. Koma udzuwo unagwira.

Duwalo silinkafuna dothi. Mizu ina inakakamira khungwa, ina yoyera, yopyapyala ngati singano, inaloza kumwamba n'kupanga kadengu kowakha masamba ofota ndi madzi a mvula. Chakudya chake chinali chomwecho, mtengowo silinkauyamwa ayi. Matsinde ake anali ngati timizimbe tonenepa pakati, ndipo nyengo yotentha ikamayandikira linkatulutsa maluwa achikasu amawangamawanga ngati chikopa cha kambuku. Azungu a kuesiteti ya tiyi ankalitcha okidi. Bambo ankati ndi m'bale wake wa chikande chija anthu amakumba n'kudya, kungoti chikande chimabisala pansi pomwe ili limakonda kuonekera.

Iwo sankalisungira kukongola. Mwana akapsa ndi moto, ankadula tsinde lakale lakumbuyo n'kulisinja, ndipo munkatuluka zoterera ngati therere, zoziziritsa. Ankatsuka bala ndi madzi amchere, kupaka, n'kumanga ndi tsamba la nthochi. Tsinde lanthete lakutsogolo ankaletsa kulikhudza, chifukwa duwalo limakulira pamenepo.

Pamene zinthu zinkaipa, bambo anali atatisiya, ine nditakwatiwa pamudzi pomwepo. Amuna anga ankathyola tiyi ngati ine ndemwe, mpaka tsiku limene anawaveka malaya ofiira a anyamata a chipani. Ngakhale kayendedwe kanasintha. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mkamwini amene ankagwada popereka moni kwa amalume tsopano ankawafunsa ngati ali ndi khadi.

Achemwali anga, obadwa nawo mimba imodzi, anali atalowa mpingo uja wokana kugula khadi la chipani. Ndinkawakalipira mosabisa.

"Kapepala chabe, achemwali. Gulani, mukaponye m'chimbudzi."

"Iwe sungamvetse," ankatero, uku akusenda chinangwa ngati tikukamba za mvula.

Chaka chimenecho anthu a mpingowo ankasakidwa ngati mbewa. Alamu anga, amuna awo, anathawa ndi ana, kuwoloka mtsinje wa Muloza kupita ku Mozambiki. Achemwali anatsalira kuti akumbe chinangwa cha paulendo. Utsi wa nyumba yawo ndinauona masana ndili m'munda wa tiyi, ndipo ndinataya dengu n'kuthamanga. Ndinaima kuseri kwa nthochi. Anyamata a chipani anali atawagwetsa achemwali pansi akuwamenya ndi zibonga ndi malamba, kumsana, m'nthiti, kumaso. Denga la nyumba litagwa, anyamata awiri anawagwira mikono uku ndi uku n'kuwaimika pamakala opanda nsapato. Fungo lake ndimalimvabe ndikamawawula nkhuku. Mmodzi wa ogwira mikonowo anali bambo wa ana anga.

Pochoka anyamatawo anauza mudzi wonse kuti abweranso, ndipo amene awathandize naye apsa. Anapita kukasaka midzi ina, amuna anga ali nawo. Ine ndinawabereka achemwali kumsana ngati mwana mpaka kuphanga la m'tsinde mwa phiri, kumene bambo ankabisa matabwa mvula ikagwa. Kuphazi kunalibe khungu. Kuchipatala kunali kosapitika, msewu uliwonse unali ndi ofunsa makadi. Njira inali imodzi yokha, yoti adzayende okha m'tinjira ta m'phiri mpaka kumtsinje asanawapeze, ndipo ulendo umenewo umafuna mapazi.

Ndinayamba kudula matsinde a duwa lija. M'mawa uliwonse ndinkasinja limodzi m'kamtondo ka tsabola, kutenga mchere ndi mbatata yophika, n'kunyamuka ngati ndikupita kunkhuni. Potsuka mabalawo achemwali ankaluma chitenje kuti asakuwe. Ine ndinkapaka uku ndikuwatukwana. Ndinali nditawakwiyira kwenikweni, chifukwa cha kapepala, chifukwa cha mutu wawo woumawo, ndiponso chifukwa cha mantha amene anandipatsa.

Mafinya atayamba kuchepa, amuna anga anatulukira. Ndinali nditaiwala kuti duwalo analilonjeza kwa atcheyamani a chipani kuti likakongoletse nsanja ya msonkhano. Anaima pansi pa mango nthawi yaitali. Mbali yakumbuyo inali itatsala zitsa zokhazokha.

"Wachita izi ndani?"

"Apusi, mwina."

"Apusi a kuno amadula ndi mpeni?"

Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi kamtondo kaja. Anapisamo chala, zoterera zija n'kutsatira. Mankhwalawo ankawadziwa, bambo anawapakapo pamkono tili pachibwenzi.

"Wapsa ndani m'nyumba muno?"

Anapita kuseri kwa nyumba kumene ana ankasewera, n'kuyamba kuwavula mmodzimmodzi, kuwatembenuza. Ndinadziwa kuti akawapeza opanda bala, mawa anditsatira kunkhuni. Ndinalowa m'khitchini. Pamafuwa panali chikuni chonyeka. Ndinakweza chitenje, kuluma mpango wanga wakumutu monga ankachitira achemwali, n'kukanikiza chikunicho pantchafu. Ndinachisiya pomwepo mpaka maso anachita mdima. Kenako ndinakokota zotsala m'kamtondo, kusakaniza ndi phulusa kuti bala lioneke lakale, n'kumata.

Atabwera pakhomo ndinangotukula nsalu. "Ndi ine. Ndinagwera pamoto inu kulibe. Ndimaopa kunena poti duwalo ndi la atcheyamani."

Anayang'ana pang'ono n'kutembenuza nkhope, munthu yemweyo amene anaimika mlamu wake pamakala. Kenako anandimenya. Anandikoka tsitsi mpaka pabwalo, kundiponda m'mimba, kundiwomba khofi limene linatseka khutu langa lakumanzere mpaka lero. Ankati ndamuchititsa manyazi kwa akuluakulu. Amalume anaonerera ali pakhonde pawo, fodya atazima m'manja. Pansi pamenepo, magazi akutuluka m'kamwa, mtima wanga unkasangalala, chifukwa ankandimenyera duwa, osati phanga.

Atatopa anati ndimalize zotsalazo, zaonongeka kale. Tsopano ndinkadula poyera. Koma matsinde otsala sakanakwanira mabala a anthu awiri. Ndinkamanga tsamba la nthochi lopanda kanthu pantchafu panga, mankhwala onse n'kupita nawo kuphiri, ndikutsimphina. Achemwali atafunsa ndinati ndabinya bondo. Bala langa linatupa, linanunkha, ntchentche zinkandilondola kumunda. Matsinde akale atatha ndinadulanso anthete aja, ndikupepesa bambo chamumtima.

Sindinganene motsimikiza kuti chinachiza ndi duwalo, mchere, kapena liuma la achemwali. Chimene ndinaona n'chakuti khungu lofiirira linayamba kumera kuchokera m'mbali. Tsiku lina ndinawapeza ataima, atagwirira mwala. Ndinawakulunga mapaziwo ndi zigamba za malaya akale a bambo, kuwadulira ndodo, n'kuwaperekeza mpaka pamene mtsinje umaonekera. Madzi anali ochepa, mvula inali isanayambe. Ndinawaona akuwoloka pang'onopang'ono ngati bilimankhwe, osacheuka. Pamango panangotsala kadengu ka mizu youma, ndipo sikanaphukenso. Amuna aja ndinakhala nawobe zaka zina, mpaka anapita okha kwa mkazi wina ku Muloza, ine osalira.

Achemwali anabwerako patapita zaka zambiri, imvi zili mbuu, akuyenda ndi mapazi awo, khadi osagulabe. Tsiku lina tikusamba kumtsinje anaona chipsera chija, chokwinyika, chachikulu ngati chikhatho.

"Nanga apa unatani?"

"Ndinagwera pamoto."

Anapukusa mutu uku akudzikhula chidendene pamwala. "Iwe kusasamala unayamba kale, uli mwana."

Ndinati eya, n'kuwapempha kuti andipatsireko sopo.