Mayi Amene Anawaza Mtondo pa Maliro

Mukafika pa Limbuli n'kufunsa anyamata a kabaza komwe mungadye bwino, akulozerani kalesitilanti kopaka laimu kuseri kwa ogulitsa nanazi. Akuchenjezaninso musanafunse n'komwe: "Koma kumeneko mtedza musalowe nawo, ngakhale wa m'thumba la malaya. Akakubwezerani pakhomo." Sanama anyamatawo. Mwini malowo ndi Anesi, mayi wamfupi wa mikono yojintcha, amene akamati akunong'ona, wa kutsidya kwa msewu amva zonse. Akakhala pafupi, anthu amamuitana kuti Make Sheila. Akapotoloka amati, "uja anawaza mtondo pa maliro."

Anesi anakulira ku Milonde, ndipo mtedza ankaudya ngati wina aliyense: wokazinga, wowiritsa, nsinjiro mu chigwada, nsinjiro mu futali. Kwathu kuno mkazi akaphika masamba osatendera, mwamuna amayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani. Atakwatiwa ndi a Wyson, amene ankathyola tiyi ku esiteti, anakakhala ku malaini, nyumba za kampani zija zogundana makoma, zoti ukayetsemula woyankha amakhala wa khomo linalo. Kumeneko kunabadwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Sheila.

Mwana atafika poyamba phala, Anesi anachita zomwe amaphunzitsa ku sikelo: phala la mgaiwa, n'kuthiramo nsinjiro kuti mwana anenepe. Sheila anameza masipuni ochepa chabe. Milomo inafufuma, zikope zinatsekeka, mpweya n'kumatuluka ngati likhweru. A Wyson anam'nyamula n'kuthamanga naye opanda nsapato kudutsa m'minda ya tiyi mpaka ku kiliniki. Adokotala atam'baya jakisoni mwana n'kuyamba kupuma, anawauza mosapita m'mbali: "Mwanayu mtedza ukumuwenga. Koma si ziwengo zija zongoyabwa pakhungu ayi, zake zimatseka pakhosi. Lero mwafika msanga. Tsiku lina mudzafika mochedwa."

Anesi anataya nsinjiro zonse kudzala, n'kumati nkhani yatha. Kutha kuti? Patapita miyezi anasinja chigwada, n'kuphika ndi tomato ndi mchere basi, popanda kanjere ka mtedza ngakhale kamodzi. Mwana atangolawa, likhweru lija linayambiranso, ulendo wa ku kiliniki n'kubwerezanso. Pobwerera Anesi anakhala pakhonde atakwiya, osadziwa woti amukwiyire. Kenako maso ake anagwera pa mtondo. Dzulo lake unali kwa a neba, amene anasinjiramo mtedza n'kuubweza atautsuka bwinobwino. Anapisamo dzanja, n'kukanda pansi ndi chikhadabo, n'kununkhiza. Mafuta a mtedza anali atalowerera m'mitsempha ya mtengowo, mosafika madzi kapena sopo.

Lamlungu lotsatira a Wyson anakwera njinga kupita ku Milonde kwa wosema. Anabwerako madzulo thukuta kamukamu, mtondo watsopano wa mbawa uli pakaliyala, munsi ataumangirira m'mbali mwa felemu. Anali munthu wosayankhulayankhula a Wyson. Anangouimika pakona ya kuchipinda n'kunena kuti, "Make Sheila, uwu ndi wa mwana. Usamatuluke m'nyumba muno."

Nkhondo inayambira pamenepo. Ku malaini kuli zinthu zosakanizana: moto, mchere, sefa, mtondo. Munthu amangofika pakhomo n'kuti, "Odi, ndadzatenga mtondo," ali atausenza kale. Tsono Anesi n'kumayankha kuti, "Pepani achemwali, sutuluka." Abale inu, mukanaona nkhope za amayi aja! Kumpope anasiya kum'patsa moni. Ena ankati ndi matama, ena ankati mumtondomo muli chizimba cholemeretsa, ena n'kumati mwana wa Mlomwe wowengedwa ndi mtedza anamuona kuti. Zinkamupweteka Anesi, tisaname. Ankakonda kucheza, ndipo kutunga madzi anzako atatembenuza misana si zinthu. Koma ankangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anathamanga ndi mwana m'tiyi muja ndi ife."

A Wyson atasiya ntchito ku esiteti, banjali linamanga pa Limbuli, Anesi n'kutsegula lesitilanti kutsogolo kwa nyumba. Anthu anamuseka kuti malo odyera opanda zotendera sagona sabata. Iye anayamba kusonkhanitsa nthanga za maungu, kuziyanika, kuzikazinga pang'ono, kuzisinja mumtondo wa mbawa uja, n'kumatendera nazo nkhwani ndi chigwada. Akabaza oyambirira anadya akung'ung'udza, mawa lake n'kubwera ndi anzawo. Mpaka lero alipo amene amalumbira kuti muli mtedza, kungoti mayiyo amabisa.

Kusamala kwake kunali kotopetsa ngakhale kuonerera. Mafuta ophikira oyezedwa m'timabotolo ta pamsika sankagula, chifukwa sankadziwa kuti fanulo yake yadutsa muti. Kuchigayo ankayamba wafunsa ngati wina wagayitsa zosakaniza za phala la ana, ndipo akamva kuti eya, ankasenzanso thumba lake kubwerera. Ku tiyirumu sikono yopaka majarini ankaikana, poti mpeni wake ndi womwewo wopakira chiponde, amangoupukuta pa nyuzipepala. Sukulu analekezera panjira, koma paketi ya bisiketi ankaizunguliza pakauntala, akuyendetsa chala pa timalemba tating'onoting'ono tija mpaka wogulitsa kutopa. Za ku Mozambique zolembedwa Chipwitikizi zinkamuvuta, mpaka wamalonda wina wa ku Milanje anam'phunzitsa liwu limodzi, amendoim, lotanthauza mtedza. Chipwitikizi chonse cha Anesi ndi chomwecho, ndipo amati n'chokwanira.

Chovuta kwambiri chinali kuphunzitsa mwana kukana chakudya. Kuno mwana wokana mbale ya munthu wamkulu ndi wamwano, ndipo mwanowo amati wauyamwa kwa make. Anesi anam'phunzitsa Sheila kuti akapatsidwa kanthu kulikonse, azigwada mwaulemu, manja aziika kumbuyo, n'kunena kuti, "Zikomo, koma sindidya za kwina." Kamwana kankanena mawu amenewa ku sukulu, ku tchalitchi, ku zikwati, malovu ali m'kamwa, anzake akutafuna maswiti. Make ankayang'ana kumbali kuti asalire.

Amene sankazimva n'komwe zimenezi anali a Cecilia, achemwali awo aakulu a Wyson, a ku Chinakanaka. Musaganize kuti anali munthu woipa. Ndi amayi aja amene pakagwa zovuta amafika oyamba, atamanga kale chitenje m'chiuno, n'kuchoka omaliza atatsuka mapoto onse. Analera ana ambiri, awo ndi a eni, ndipo onse anakula ndi phala la nsinjiro. Akabwera kudzacheza ankati, "Alamu, mwanayu mukumuwononga ndi mantha anu. Thupi limaphunzira. Muzim'patsa pang'onopang'ono, azolowera." Anesi akafuna kuyankha, a Wyson ankadula nkhani: "Achemwali, zimenezo ayi." Ndipo zinkathera pomwepo, chifukwa mawu a mlongo wawo ankawamvera.

Sheila ali Sitandade 5, a Wyson anadwala chifuwa, ndipo sanagone nthawi yaitali. Maliro anachitikira pakhomo pomwepo. Anesi anakhala m'nyumba ya siwa monga achitira namfedwa: pamkeka, pafupi ndi bokosi, chitenje kumutu, amayi a mpingo atam'zungulira akuimba. Namfedwa sadzuka wamba, saona za kukhitchini, sayankhula mokweza. Ntchito yake ndi kulira, zina zonse amagwira anzake. Ndipo Anesi analira zenizeni, mpaka mawu aja odutsa msewu anasasa.

M'mawa wa tsiku loika, nyimbo zitaduka pang'ono, anamva kugunda kuseri kwa nyumba. Mayi aliyense amadziwa kulira kwa mtondo wake. Unali wa mbawa uja. Koma sunkalira mouma ngati muli chimanga kapena nthanga. Unkalira mofewa, monyowa, munsi ukuchita ngati ukukakamira pansi. Anesi anakula akusinja mtedza, sakanasokoneza kulira kumeneko ndi china chilichonse. Anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo. Sheila munalibe.

Anadzuka. Amayi anam'gwira chitenje: "Make Sheila, khalani pansi, mukupita kuti?" Anawasiyira chitenjecho m'manja n'kutuluka mutu uli pamtunda, kudutsa pakati pa azibambo amene anakhala pamabenchi panja. Onse anangoti kukamwa yasa.

Kuseri kunali utsi, mapoto aakulu ali pamafuwa. Atsikana awiri a ku Chinakanaka ankasinja mtedza mumtondo wa Sheila mosinthana minsi. Sefa yake inali yoyera ndi nsinjiro, mithiko ndi zipande zake zili m'mapoto a nkhwani wotendera. Ndipo pansi pa mtengo wa mapeyala panali a Cecilia, atanyamula kambale ka phala, sipuni ili m'mwamba. Patsogolo pawo panagwada Sheila, maso ofiira ndi kulira, njala ya dzulo lonse ili pankhope, manja ali kumbuyo.

"Idya mwanawe, ndine atate ako aakazi," a Cecilia ankatero mofatsa. "Ndathiramo pang'ono chabe. Bambo ako apita, uyenera kulimba tsopano."

"Zikomo, koma sindidya za kwina," anatero mwana.

"Kwina kuti? Pano ndi pakhomo panu."

Mwana anasokonezeka. Zinalidi zoona: panali pakhomo pawo, mbale inali ya amayi ake, sipuni inali yomwe amadyera masiku onse. Dzanja limodzi linayamba kuchoka kumbuyo.

Anesi sanathamange. Anangofika n'kuchotsa mbale m'manja mwa alamu ake, n'kuikhuthulira pamoto. "Wadyako?" anafunsa mwana. Sheila anapukusa mutu. "Pita kunyumba kwa aphunzitsi ako kutsidya kwa msewuko, ukakhale komweko mpaka ndikuitane. Usakhudze kanthu panjira."

"Alamu, mwapenga kodi?" anatero a Cecilia atadzuka. "Mwamuna wanu ali m'bokosi, inu muli kuno kulondera miphika? Anthu onsewa adye masamba osatendera pa maliro a mlongo wanga? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndingamuphe ine mwana wa Wyson?"

"Simungafune kumupha, alamu, ndikudziwa," anatero Anesi. "Koma mtedza sufunsa kuti mumafuna chiyani."

Nkhwangwa yowazira nkhuni za pamaliro inali itatsamira khoma. Anesi anauza atsikana aja kuti apatuke, n'kugubuduza mtondo, nsinjiro n'kumwazika m'dothi. Anaima kaye pang'ono. Mtondowu a Wyson anaukwezera zitunda za ku Milonde pa njinga, ndipo pa zinthu zonse za m'nyumbamo, ndi umene unkamukumbutsa kwambiri mwamuna wakeyo. Koma anadziwa kuti akausiya, wina adzautsuka bwinobwino mokoma mtima n'kuubwezera pakona, tsiku lina iye atadwala kapena atachoka, wina n'kusinjiramo chigwada cha mwana. Anakweza nkhwangwa. Mbawa ndi mtengo wouma, sunagonje msanga. M'nyumba nyimbo zinaleka, anthu onse a pamaliro n'kumamvetsera namfedwa akuwaza, akulira mokweza kuposa mmene analirira pamkeka. Utang'ambika anaponya zibanthuzo pamoto, n'kuonjezapo munsi, mithiko, zipande, sefa ndi lichero.

Kenako anatembenukira amayi aja. "Zomwe mwaphikazi idyani, musataye. Mukatha, mapoto a eni abwerere kwa eni. Mbale zanga musatsuke, ndidzatsuka ndekha." Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kubwerera m'nyumba, n'kukhala pamkeka paja. Anatenga chitenje chake kwa amene anachigwira, n'kufunda kumutu.

Zimene zinanenedwa pambuyo pake, musafunse. Akuchimuna ananyamuka atangochoka kumanda, osagona. Kunamveka zoti mkazi wodzuka pa siwa ndiye kuti imfayo akuidziwa, zoti mumtondo muja munalidi mankhwala ndipo anawotcha kuti abise. A Cecilia sanapondenso pa Limbuli. Lesitilanti inakhala miyezi mabenchi ali mbee, mpaka njala ndi fungo la nkhwani zinabweza akabaza mmodzimmodzi. Anesi sanapite kukapepesa kwa wina aliyense, ndipo amene anabwera kudzamuuza kuti akapepese anamwa tiyi n'kubwerera.

Panopa Sheila ndi mtsikana wamkulu, ali ku sekondale yoyendera, chifukwa yogonera komweko make anakana: sakudziwa mithiko ya kumeneko. Amatenga chakudya chake m'kontena, ndipo timalemba ta pamapaketi amawerenga ndi iye tsopano, make akumvetsera ngati woweruza. Pakona ya kuchipinda pali mtondo wina, umene Anesi anakausenza yekha pamutu kuchokera kwa wosema. Nawonso sutuluka.

Tsiku lina wa kabaza wina wachilendo, atakhuta, anafunsa mwachibwana zomwe ena onse amaopa kufunsa. "Mayi, koma n'zoona zoti munasiya maliro a amuna anu m'nyumba n'kukawaza mtondo? Manyazi sanakugwireni?"

Anesi anapitiriza kupukuta tebulo. "N'zoona, achimwene," anatero. "Adzukulu anali atakumba manda amodzi tsiku limenelo. Achiwiriwo ndinakana."