Ulemu umene unachedwetsa Mayi Brenda

Ndinanyamuka ku Edmonton 3 koloko masana, Loweruka lina mu Seputembala, nditangotha milungu isanu ku London. Azakhali anga, omwe ndi namwino, anandituma kukagula botolo la vinyo loti akapatse mkulu wa wodi yawo amene ankapuma pantchito. Anati ndikaligule kumunda wa mphesa wa chakumpoto, kumene wogulitsa wake anali Mayi Brenda, mwana wa bambo ena ogonekedwa m'wodi mwawo. Bambowo ankakana chakudya cha madzulo pokhapokha mwana wawoyo abwere 6 koloko kudzawadyetsa.

"Amatseka 5 koloko," anatero azakhali. "Ukasonyeze ulemu wakwathu, usakandichititse manyazi."

M'basi yoyamba, yomwe inali yosanjikizana, ndinalipira mapaundi awiri n'kukwera m'chipinda chapamwamba, kutsogolo kwenikweni, pamene umaona ngati woyendetsa ndiwe. Ku Enfield ndinadya tchipisi ta viniga podikira yachiwiri. Dalaivala wake ndinamufunsa mmene waswerera, iye anangondilozera mpando. Nyumba zinayamba kutalikirana, kenako ndinaona mahatchi awiri atavekedwa mabulangete.

Ndinafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti atseke. Mphesa zinali m'mizere yowongoka ngati ya fodya kwathu ku Kasungu, ndipo dzuwa linkatsetsereka pakati pake mwaulesi. Chipinda cholawiramo vinyo chinali khola lakale lopakidwa laimu. Mayi Brenda atamva kuti ndine mwana wa achimwene awo a namwino uja, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundithirira mitundu itatu kuti ndisankhepo. Anandionetsanso kandowa kolavuliramo.

Kulavula pamaso pa munthu wamkulu sindikanatha. Ndinameza zonse, ine amene ndinali ndisanamwepo. Mabotolo anayamba kuwala ngati muli nyali m'kati, mawu a anthu n'kumamveka ngati akuchokera kutsidya la dambo. Ndinasankha wachiwiri, wonunkhira ngati mapeyala, ndinalipira, kenako ndinakhala pampando.

Kwathu mlendo sanyamuka atangopukuta pakamwa, angaoneke ngati anangodzera chakumwacho. Amacheza kaye. Choncho alendo ena atatuluka, ine ndinafunsa za ana awo, za mvula, ngatinso mbalame zimavuta m'mundamo. Ankayankha akumwetulira. Atayamba kukweza mipando pamatebulo, ndinanyamula miyendo kuti asese bwino. Atazimitsa magetsi awiri, ndinawayamikira mumtima kuti ndi osamala ngati azakhali. Atavala chijasi, ndinavomereza kuti kunjaku kwazizira.

Pawindo panadutsa basi yofiira, ikuyandama pamwamba pa mphesa ngati bwato. Ndinaiona kukongola. Mayi Brenda anaitsatira ndi maso mpaka inabisika, dzanja logwira makiyi n'kugwera m'mbali.

"Ina ibwera pakatha theka la ola," anatero chapansipansi. "Bambo akhala akuyang'ana kuchitseko."

Vinyo yense anandichoka m'mutu. Wotchi yapakhoma inali itadutsa 5 koloko ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire kuti ndizipita. Anati pantchito yawo kasitomala sauzidwa zimenezo, amaona yekha. Nditawafotokozera chimene chinandikhazika pansi, anaseka pang'ono, koma maso ali kumsewu.

Sitinadikire. Tinadula njira ya m'munda kukapeza basi pamsewu waukulu, ine nditanyamula chikwama chawo momwe munali supu wa bambowo, botolo lili m'khwapa. Ulendo wonse ndinkangoyang'ana nsapato zanga.

Tinalowa m'wodi 7 koloko itatsala pang'ono. Bambowo anali chikhalire, mbale ya chipatala yosakhudzidwa ili pambali, nkhope yaloza kuchitseko monga ananenera Mayi Brenda. Ataona mwana wawo anangotsegula pakamwa kudikira supu. Azakhali analandira botolo, anandinunkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Mayi Brenda anawauza kuti sanaonepo mnyamata waulemu chotere.

"Ulemuwo wachita kuonjeza," anatero azakhali.

Ndinapita kumeneko ndikudziwa kulowa pakhomo pa munthu, koma kutuluka ndinakaphunzira komweko. Masiku ano ndikafika pamalo dzuwa litapendeka, ndimayamba ndayang'ana ngati mipando ikadali pansi.