Madzi a M'botolo la Pansi pa Bedi

Ine sindine munthu wokonda zoyankhulayankhula, ndipo amene amandidziwa kuno kwathu akhoza kundiikira umboni kuti nkhani zopeka sindizitha. Izi zinachitikadi, ndinaziona ndi maso angawa, mwana wanga woyamba akadali wa kumsana.

Amuna anga ndi msodzi. Chaka chimenecho ukonde wawo unakolana ndi wa bwato lina panyanja, ndipo pofika kugombe mkangano unali utasanduka nkhondo yeniyeni, ya nkhafi ndi mipeni. Wina anawabaya m'nthiti. Tinathamanga nawo kuchipatala pa galimoto yonyamula usipa, iwo akungoti wefuwefu, mawu osatuluka.

Adokotala amene anatilandira, anthu ankati anagwirako ntchito kunkhondo ku Congo, kuthandiza asilikali ovulala, ndiye bala lotere silinali lachilendo kwa iwo. Anati mpeni wafika ku phapo, magazi ndi mpweya zadzaza m'chifuwa, phapolo laphwa ngati mpira wobooka. Anaboola pambali n'kulowetsa paipi pakati pa nthiti, ndipo mapeto a paipiyo anakamira m'madzi a m'botolo lalikulu limene analiika pansi pa bedi. Popeza gadiyani ndinali ineyo, anesi anandiuza mobwerezabwereza kuti botololo lisanyamulidwe, lisagwe, ndipo madziwo asatayidwe, chifukwa ndi amene amatseka njira kuti mpweya ukatuluka usabwererenso m'chifuwa.

Zinthu zinayamba kuyenda bwino mpaka tsiku limene apongozi anga anabwera ndi alamu anga aakulu. Tsono mudziwe kuti amuna awo a apongoziwa anamira panyanja akupita ku chilumba cha Mbenji, ndipo amene anali nawo m'bwato anadzanena kuti chomaliza kuona chinali thovu pamwamba pa madzi. Ndiye amuna anga atangotsokomola, m'botolo muja n'kutuluka thovu, apongozi anagwira pamtima. Anati mwana wawo akupumira m'madzi, akumira ali pabedi, ndipo anthu a ku tauni sangazidziwe zimenezi poti sanavuulepo munthu.

Ndinagwada, monga mtengwa amachitira, n'kuwafotokozera motsitsa mawu zonse zimene anesi ananena. Kodi anandimva? Alamu anaseka, ati mayi a Sitandade 5 ayamba liti udokotala. Apongozi sanandiyang'ane n'komwe, anangoti ndipite ndikaphike phala, wodwala amuyang'anira okha poti anamubereka ndi iwo. Amuna anganso, m'malo mondithandiza, anatseka maso kunamizira tulo. Nanga ine ndikanatani, ndikanalimbana ndi apongozi m'wodi yodzaza ndi anthu? Pochoka ndinawapemphanso kuti botolo lokhalo asaligwire.

Pobwera ndi phala lija ndinapeza apongozi akupukuta botolo ndi chitenje, ali okondwa, madzi onse atakakhuthula panja. Analitsukanso bwinobwino n'kubwezeramo paipi, mouma momwemo. Koma pabedipo zinali zoopsa. Amuna anga anali atadzuka, atagwira zitsulo za bedi, kukamwa kuli yasa, thukuta lili kamukamu, milomo itachita phulusa, akukoka mpweya koma osalowa. Apongozi ankangowasisita kumsana, ati ndi madzi otsala akutuluka.

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinataya poto, ndinakankha alamu amene anaima panjira, n'kuthamanga m'khonde ndikukuwa, mwana akulira kumsana. Anesi anafika n'kupana paipi ndi kachitsulo konga sizasi, wina anabweretsa botolo lina la madzi a chipatala, ndipo adokotala aja atalumikiza n'kumasula, m'botolo munawira thovu ngati mphika. Pang'onopang'ono mpweya unayamba kulowa. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina, ndipo analamula kuti pafupi ndi bedilo pazikhala ine ndekha.

Mwina mukuganiza kuti alipo anandithokoza. Ayi ndithu. Titatuluka m'chipatala nkhani inali yakuti ndinachititsa manyazi apongozi pagulu, ndinakankha alamu, ndipo ndilibe mwambo. Apongoziwo mpaka pano amauza anzawo poyanika usipa kuti mwana wawo anachira iwo atachotsa madzi oyambawo. Amuna anga akamva amangoseka, chipsera chili m'nthitimo. Kodi zimenezi n'zosekera?

Ine sindikhulupirira kuti apongozi anali ndi mtima woipa, anachita mantha ndi nyanja imene inawalanda mwamuna. Koma ndikukhulupiriranso kuti mantha a munthu wamkulu akhoza kupha wodwala, anthu onse akungoonerera mwaulemu. Choncho amayi anzanga, mukadzakhala gadiyani wa munthu wa paipi m'chifuwa, itanani anesi adzawauze okha akuluakulu, chifukwa mawu a mtengwa salowa m'khutu. Phala lidikire, pabedipo musachokepo. Ndipo akagwira botolo, kuwani. Apongozi akakwiya amapepeseka. Ine ndinawapepesa ndi paketi ya shuga, nditagwada, pa mlandu wosiya mwana wawo ali moyo.