Polishi Wofiira pa Masitepe a Eni Ake

Nyumba imene ndinkakhala ku Dún Laoghaire inali pa mzere wa nyumba zogundana makoma, zonse zoyang'ana kunyanja, zomangidwa zaka zoposa zana zapitazo. Ine ndi malemu mkazi wanga tinkachita lendi zipinda ziwiri zapansi, zimene kale zinali khitchini ndi mogona antchito. Eni nyumba, mayi wokalamba wachiairishi, ankakhala pamwamba.

Chuma cha dziko chitagwa, kubwalo la ndege anatichepetsera masiku a ntchito yoyeretsa. Apo n'kuti mkazi wanga atamwalira miyezi isanu m'mbuyomo. Tsiku lina nditabwera ku Misa, ndinapeza m'kabati chitini cha polishi wofiira chimene iye anachokera nacho ku Zomba. Kwathu khonde losapaka polishi limaoneka ngati pakhomo palibe munthu. Ndinayang'ana masitepe a mwala wotuwa okwerera kukhomo lalikulu, n'kuganiza zowachitira zabwino mayiwo. Ndinagwada, kupaka, kukwecha ndi bulashi mpaka masitepe anawala.

Pobwera kogula zinthu, mayiwo anaima pageti nthawi yaitali.

"Bambo, mwaitani miyala yanga?"

"Ndaipaka polishi, mayi. Kwathu timatero."

"Nyumba ino ndi yotetezedwa ndi lamulo. Ngakhale zenera sindiloledwa kusintha. Mwana wanga akubwera Lachisanu, ndipo mukumudziwa."

Ndinkamudziwadi. Anali atanena kangapo kuti zipinda zapansizo azipereke kwa anthu ena. Ine sindinkafuna kuchoka, chifukwa mkazi wanga anathera masiku ake m'menemo akumva mafunde.

Masiku anayi ndinakwecha ndi sopo ndi madzi otentha. Sindinkadziwa kuti mwala umamwa polishi. Mayiwo ankandibweretsera tiyi, n'kukhala pa sitepe yapamwamba atafunda shawelo. Anandionetsa kachitsulo kopalira matope kunsapato pambali pa khomo, galasi looneka ngati theka la mwezi pamwamba pa chitseko, ndi mazenera okwezedwa ndi zingwe zomangirira zitsulo zolemera zobisika m'mafelemu. Zaka zonsezo ndinkangodutsa osaziona.

Lachisanu masitepe anali adakali ofiirira pang'ono. Mwanayo atafika, ndinamuuza ndekha zimene ndinachita, mayi ake asanayankhule. Anayang'ana miyala, kenako ine.

"Amayi, ndinakuuzani kale za anthu alendi."

"Unandiuza," mayiwo anayankha. "Koma chimwalirireni bambo ako palibe amene anagwadapo pa masitepewa. Iwe wagwadapo liti? Bambowa sachoka."

Kenako mwanayo anandifunsa ngati ndingathe kukonza zenera la kuchipinda kwa mayi ake, limene chingwe chake chinaduka. Ndinati sindinakonzepo, koma akandionetsa ndiphunzira.

Ndinakhalamo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo zingwe za mazenera onse ndinasintha ndine. Lamlungu ndikabwera kutchalitchi ndinkakweza langa pang'ono, mpweya wamchere uzilowa.