Shedi Imene Atate Anakhoma

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Kamushanga m'tauni ya Kabwe, pamene amai anatisiya. Maliro atatha, achibale ochokera ku Katete anafuna kugawa zovala monga mwa mwambo, koma atate anakana kwamtuwagalu. Anatenga makina osokera, masutikesi, nsapato, ngakhale kapu imene amai ankamwera tiyi, n'kukalonga zonse m'shedi ya kuseri kwa nyumba. Inali kanyumba kanjerwa kofolera ndi malata akale, kamene anamanga akugwirabe ntchito ku njanji. Pakona panali thumba la gaga wa nkhuku, sanalabade zolitulutsa. Anakoka chitseko, loko khetye, kiyi m'thumba.

Tsono m'sutikesi imodzi munali diresi langa loyera lodzavala polandira Ukaristia koyamba. Amai analisoka akudwala kale. Ndimawakumbukirabe atagwada pamkeka, mapini ali kukamwa, akunditembenuza uku ndi uku, kenako n'kupumira pakhoma chifukwa cha kutopa. Chaka chotsatira, tsiku lolandira litayandikira, anzanga ankanyadira madiresi ogula m'tauni. Ine sindinkasirira olo pang'ono. Ndinkafuna langa lomwelo, la manja a amai.

“Atate, nanga diresi lija?”

“Tidzaona, mwanangu.”

Yankho linali lomwelo nthawi zonse, ndipo akatero ankayang'ana kumbali. Azakhali a ku Ngungu ndinawadandaulira, iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti khoswe wakhala pamkhate, ndani angakankhe munthu wolira. Mawu amenewo anandipsetsa mtima, pakuti makoswe enieni ndinkawamva ndi makutu angawa. Ndikachokera kusukulu ndinkatsamira khutu pachitseko cha shedi, m'katimo muli kwakwata kwakwata dzuwa likuswa mtengo. Pansi pa chitseko panali timanyi takuda tonga mpunga wopserera, ndipo fungo lake linkaboola mphuno.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala bana Chanda, mayi wachibemba wogulitsa vitumbuwa, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Pakati pa ife akum'mawa ndi Abemba pali chimbuya: timanyozana mmene tingathere ndipo palibe wololedwa kukwiya. Iwo amati ndife odya mbewa, ife timati ndi odya anyani. Koma pamaliro ndiwo amathyola nkhuni ndi kuphika, ndipo pamaliro a amai bana Chanda sanachoke pamoto.

Loweruka lina m'mawa, kutatsala sabata kuti tilandire, atate ali pakhonde kukonza wailesi, mayi uja analowa pageti atanyamula khoswe wakufa pamchira.

“Odi, ba Tembo! Nakubweletselani ndiyo. Yachoka mu shedi yanu iyi, onani mwamene yanenepela. Ngati muweta, mangani khola, osati zizibwela kudya unga wanga.”

“Ife timadya mbewa zakumunda, osati makoswe,” atate anayankha osadzutsa mutu. “Pitani mukasake anyani anu.”

Ndinadabwa kumva kanthabwala m'mawu awo, chifukwa chaka chonse anali asanasekepo. Koma bana Chanda anaponya khosweyo pansi, nkhope itasintha.

“Lelo mutsegula shedi ija. Mufuna mwana akaimilile kuguwa na yunifomu ya kusukulu? Amake anasoka diresi ali na ululu, ine ninali kuwagwilila nsalu. Simunasunge mkazi wanu muja, ba Tembo. Mwamupatsa makoswe.”

Mayo ine! Akanalankhula choncho wachibale, bwenzi chibale chitathera pomwepo. Atate anamuyang'ana. Koma mbuya sayankhidwa ndi ukali. Anaika sikulufudalaiva pansi, anapisa m'thumba, n'kulunjika kuseri.

Chitseko chitatseguka, tonse tinabwerera m'mbuyo chifukwa cha fungo. Makoswe anabalalika, ena kukwera m'mitanda, ena kuzimiririka pabowo la pakona. Thumba la gaga linali litasanduka nsanza. Sutikesi yoyamba anali atayiboola pambali, ndipo zitenje za amai, zimene ankavala pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, zinali zitanyenyedwa n'kupangidwa chisa. Diresi langa linali m'sutikesi yachiwiri. Dzanja limodzi linali litatha, kumsana kuli chibowo choti nkhonya n'kulowa, paliponse madontho achikasu.

Ndinalira mokuwa, osasamala kuti oyandikana nawo akumva. Nditatembenuka kuti ndiwanene atate, ndinawapeza atagwada m'fumbi, atafumbata tizidutswa ta chitenje.

“Ine ndimayesa ndikusunga,” anatero motsitsa.

Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Ndinali ndisanaonepo bambo wamkulu akuchepa chonchija, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha.

Bana Chanda sanataye nthawi ndi misozi yathu. Anatenga diresi, analitembenuza, n'kufufuza m'munsi ndi zala.

“Iwe Lusiya, leka kulila, bwela uone nzelu za amako. Anapinda nsalu yambili pansi apa, anadziwa kuti uzakula. Tizadula apa, tizatseka kumbuyo. Manja tichotsa onse awili. Koma makina yanga inafa, ba Tembo.”

Atate anadzuka, anavundukula makina a amai, anawapukuta ndi malaya awo omwe, anathira mafuta paliponse poyenda, kenako anawanyamula paphewa mpaka kwa bana Chanda.

Tsiku lonselo tinagwira ntchito awiriwiri. Tinatulutsa zonse padzuwa n'kutentha zimene zinaonongeka. Atate anaphwanya mabotolo, anasakaniza magalasiwo ndi simenti, ndipo ine ndinkawalozera mabowo iwo n'kumamata. Pansi pa chitseko anakhomerapo chidutswa cha lata. Anandipatsa chikwakwa kuti ndimwete udzu wonse wozungulira, akuti khoswe amaopa kudutsa poyera. Katundu wotsala tinamukweza pamatabwa osanjikiza panjerwa, motalikirana ndi khoma, kuti tsache lizilowa. Mankhwala akupha anakana chifukwa cha nkhuku ndi galu. Anatchera misampha, nyambo yake nshawa zokazinga. Gaga watsopano anadzamuika m'dramu ya chivindikiro.

“Koma zonsezi n'zachabe tikatsekanso n'kuiwala,” anatero akusamba m'manja. “Khoswe amamanga pamene phazi la munthu silipondapo. Loweruka lililonse tizitsegula muno.”

Tinkatseguladi. Ine ndikusesa, iwo ankanyamula chinthu chimodzi n'kuyamba kufotokoza. Nsapato izi amako Rozaliya anavala tsiku limene tinatsika sitima kuno ku Kabwe, zinamuluma njira yonse koma anakana kuvula. Kapu iyi anandilanda ine. Zambiri zimene ndimadziwa za amai anga ndinazimvera m'shedi imeneyo, tsache lili m'manja.

Lamulungu lolandira, diresi linanditsikira pang'ono chabe pamawondo, lopanda manja, likununkhira sopo ndi dzuwa. Chigamba cha kumsana chinkaoneka ndithu, pakuti nsalu yobisika ija inali yoyera kuposa inzake. Amayi ena kumbuyo kwanga ndinawamva akunong'onezana. Misa itatha, atate anabwera n'kuika dzanja lawo pachigambacho, ndipo sanalichotse njira yonse mpaka kunyumba, ngakhale kunkatentha. Ine ndinkati akundibisira manyazi, ndipo ndinawathokoza mumtima.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, atate anapita, ndipo nanenso ndalongapo zovala za munthu amene ndinkamukonda. Ndikudziwa tsopano mmene dzanja limalemerera pogwira loko, ndipo sindiwaweruzanso. Ndikudziwanso kuti munthu wolira amasowa wina wolimba chiwindi womuuza zowawa, monga anachitira bana Chanda. Za dzanja la atate pachigamba paja ndinazimvetsa mochedwa kwambiri. Atate sankabisa kanthu. Nsalu imeneyo anaipinda mkazi wawo ndi zala zake, akuwerengera msinkhu umene ankadziwa kuti sadzauona, ndipo iwo ankangofuna kuigwira.