Matiresi Pakati pa Apongozi

Situdiyo yanga yoyamba inali pa Nsaru, kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale ya bambo wina wachisilamu wochokera ku Mangochi, ndipo khoma limodzi ndinkagawana ndi chigayo. Anthu amaseka ndikanena kuti nyimbo zonse zimene ndinajambula mmenemo zimanunkha gaga. Mamemore kadi ake ndikadali nawo, wotsutsa abwere adzanunkhize yekha.

Ndinali ndi maiki zitatu. Imodzi inali yapamwamba, ija amati kondensa, ndipo makutu ake anali oopsa. Inamvapo chiswe chikudya chitseko. Inamvapo m'mimba mwa abusa ena mukubangula pakati pa nyimbo ya kulapa, kwaya yonse n'kudziwa kuti adyera nyemba. Tsiku lina inatola tambala akulira ku Kabudula, ndipo mwini tambalayo atamva nyimboyo pa ukwati anamuzindikira. Sindikuwonjezera kanthu.

Ziwiri zinazo zinali za dayinamiki, zija za mutu ngati sefa zimene mumaziona pa misonkhano ndi pa maliro. Imodzi inali yopindika mutu chifukwa inagwapo pa ngolo, ng'ombe n'kuiponda, koma inkagwirabe ntchito ngati palibe chinachitika. Dayinamiki ndi yogontha mwanzeru. Imamva chokhacho chimene chili patsogolo pake, pafupi, chofuula. Za kumbuyo kwake ilibe nazo ntchito, ngakhale mutaijeda. Ndinkaziika pa ng'oma ndi pa sipika ya gitala, zinthu zimene zikanaiboola makutu kondensa ija.

Tsono nyengo ina fodya atatha kugulitsidwa, matenanti akumanga katundu kubwerera kwawo, panafika bambo wina pa njinga, banjo ya chigubu ili kumsana. Maso ake anali psuu ngati phwetekere wa ku dimba.

"Achimwene, kodi nyimbo yogonetsa mwana mumajambula?"

"Chilichonse chotulutsa mawu ndimajambula, bambo. Khalani pansi, mugwa."

Anakhala, n'kundifotokozera. Iye anali wa cha ku Kabudula konko, anakwatira mwana wa mayi wina wa ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti. Mulungu anawapatsa khanda la mwamuna. Khanda limenelo likayamba kulira, agalu a m'mudzi ankasamukira ku dambo. Chinthu chimodzi chokha ndiye chinkaligonetsa: agogo ake kuyimba nyimbo ina ya Chilomwe m'nyumba, bambo ake ali panja kuseri kwa khoma, kuvomera uku akukhwacha banjo. Agogo okha, ayi. Banjo yokha, ayi. Make mwana anayesapo kuyimba, mwanayo anangowayang'ana mwachisoni n'kupitiriza pomwe analekezera.

"Ndiye lole ya matenanti ikunyamuka mawa m'mawa," anatero. "Apongozi anga akupita kwawo. Akapita osajambula, ine basi, mudzandipeza ku chipatala cha amisala ku Zomba."

Ndinasangalala kwambiri, osati ndi mavuto a mnzanga, koma ndi ntchitoyo. Makwaya ndinali nditajambula, anyamata a ma rapu ndinali nditajambula, koma mankhwala a tulo ndinali ndisanapangepo.

Anabwera masana. Make mwana anatsala pansi pa mtengo akugwedeza khanda, ndipo ndinadziwa kuti afika pomwe anali asanatsike n'komwe pa msewu. Apongozi aja sanali nkhalamba ayi. Anali mayi wathithithi, manja akuda ndi utomoni wa fodya, wotha kunyamula belo yekha. Anaima patali mpaka mkamwini wawo atalowa, kenako iwo n'kulowa chammbali, nkhope ili kukhoma.

Ine ndinali nditaimika kale kondensa pakati pa chipinda. "Amayi, inu muime uku, bambo awa aime uko, maiki pakati."

"Mwati bwanji?"

"Ndati muyang'anizane, kuti mawu..."

"Ine ndiime pamaso pa akamwini anga, kukamwa kuli yasa, aziwerenga mano anga? Inu a situdiyo, munaleredwa kuti?"

Ndinacheuka kuti mwini nkhani andithandize, koma mnzangayo anali atalowa kale kuseri kwa chitseko, kukuoneka mutu wa banjo wokha.

Tinayesa monga amachitira kunyumba. Iye anakakhala panja pansi pa windo, ine ndinasendeza kondensa pafupi ndi windolo. Amayi anatsokomola pang'ono, n'kukoka mpweya, n'kuyamba. Abale anga! Ndinkayembekezera kanyimbo kofewa konyengerera mwana. Inali nyimbo ya pabwalo, yovinira, yoitanira anthu a tsidya lina la phiri. Kompyuta yanga inafiira yonse. Zitini za m'golosale zinayamba kuyenda zokha pa shelefu. Titaimvetsera, munali chigayo, munali kondakitala akukuwa "Tauni! Tauni!", munali khanda lija pansi pa mtengo, ndipo pamwamba pa zonsezo panali mawu a amayi ataphwanyika ngati wailesi yogwera m'madzi. Banjo munalibe.

Chigayo sichikanazima. Linali tsiku la msika, mzere wa amayi unali utafika ku msewu, ndipo ndikanapita kukawauza kuti adikire tikugonetsa mwana, bwenzi lero ndikulemba ndili m'manda.

Ndinabweza kondensa m'bokosi mwake n'kutulutsa agonthi anga awiri. Mkamwini ndinamulowetsanso, ndinawaimika chofulatirana, aliyense ndi maiki yake. Ulemu unakwana, koma nyimbo inakana. Maiki ya bamboyo inkayang'ana iye, inde, koma kuseri kwa iyeyo kunali apongozi, ndipo mawu awo ankawomba khoma n'kubwerera molunjika m'maikimo. Banjo inamira.

Apa m'pamene panali mfundo yonse. Kuti dayinamiki isamve munthu, munthuyo akhale kumbuyo kwake. Ndiye kuti maiki ziwirizo zifulatirane, anthu ake ayang'anizane. Maiki zinkafuna chimene mwambo unkakana, ndipo dzuwa linali litapendeka.

Mwini golosale analowa atanyamula chitini cha nsomba chimene anachigwira chikutsika pa shelefu. Nditamufotokozera, anaseka.

"Zimenezi n'zovuta, eti? Ife ku mzikiti amayi ndi abambo timamva ulaliki umodzi, koma sitionana. Timangotchinga pakati."

Ndinalumpha, mutu n'kugunda denga, chizindikiro chake chikadalipo pa lata. Nsalu ikanatchinga maso okha, koma mwini golosaleyo ankagulitsanso matiresi. Ndinatenga lalikulu la anthu awiri, ndinalimangirira ndi linya ku mtanda wa denga, linalendewera pakati pa chipinda ngati chikopa cha ng'ombe. Mbali iyi amayi, mbali iyo mkamwini, onse kuyang'ana matiresi. Maiki ziwiri zinafulatirana bwinobwino, ndipo thonje la matiresilo linkamezanso mawu obwerera kuchokera m'makoma.

Amayi anayendera mbali yawo, kusuzumira m'mphepete, kusuzumira pansi. "Mapazi awo ndikuwaona."

"Mapazi alibe maso, amayi."

"Chabwino. Koma asagwedeze zala."

Kenako anaima patali ndi maiki, mwaulemu, ngati akupereka moni kwa alendo. Ndinawauza kuti iyi siimva munthu wamanyazi, asendere.

"Ndipsompsone chitsulo? Papita milomo ingati pamenepa?"

Ndinang'amba kansalu katsopano, ndinakulunga mutu wa maiki, n'kumanga ndi mphira. Kansaluko kankathandizanso kuti mpweya wa pakamwa usamaphulike m'maiki. "Pafupi, amayi, ngati mukuuzira phala la mwana." Atasendera n'kuyesa mawu, anadzidzimuka okha. Dayinamiki ukaiyandikira imanenepetsa mawu, ndipo awo ananenepa mpaka ndinaona ngati afunika mpando wawo. Ya mkamwini, yopondedwa ndi ng'ombe ija, ndinaiika pakati pa kamwa ndi banjo, yopendekera pang'ono kuti zala zisamveke kukanda kwambiri.

Anthu awiriwo anali pafupi moti akanatha kupatsana mchere, koma uthenga wonse unkadzera kwa ine.

"Achimwene, auzeni apongozi anga kuti akhoza kuyamba akafuna."

"Amayi, akuti mukhoza kuyamba."

"Ndamva. Auzeni akamwini kuti banjo yawo isathamange ngati yaba nkhuku."

"Bambo, akuti..."

"Auzeni kuti zikomo kwambiri."

Ndiye anayamba. Sindikudziwa mawu a Chilomwe, koma miyendo yanga inkamva zonse. Amayi ankaponya, mkamwini n'kuwakha, banjo ikusoka pakati, chimodzimodzi ngati pali khoma la kunyumba kwawo. Kompyuta sinafiire ngakhale kamodzi. Ndinkavina chokhala, mwini golosale akuvina ndi chitini chake cha nsomba. Titaibwereza pa sipika, chigayo munalibe, kondakitala munalibe. Chigayo chomwe chinkagwedeza mpando umene ndinakhalapo, m'nyimbo munalibe! Munali anthu awiri okha, oyera ngati ajambulira ku Lilongwe m'nyumba ya galasi.

Koma woweruza anali panja. Make mwana analowa nalo khanda likukuwa, nkhope yonse ili kamwa lokhalokha.

"Amayi, inu musayimbe," ndinawauza agogo aja. "Mawa kulibe inu."

Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinatsegula nyimbo. Mwana anadukiza kulira. Anayang'ana sipika, anayang'ana agogo ake otseka pakamwa, anayang'ananso sipika, n'kundiyang'ana ine ngati ndamubera. Anakoka mpweya wambiri kuti ayambirenso, tonse mitima ili m'mwamba. Pomwepo banjo inalowa, mawu a bambo ake n'kuvomera. Mpweya uja unatuluka ngati kuyasamula. Kamutu kanapendeka. Nyimbo isanafike pakati, munthu anali atagona kale.

Tinakondwera mopanda phokoso. Make mwana analuluta ndi lilime lokha, mawu osatuluka. Mwini golosale anandikumbatira. Ndinasuzumira kuseri kwa matiresi kuti ndimuyamikire mwini nyimbo, ndinapeza wagona choimirira, tsaya lili pa matiresi, banjo ili m'manja. Amene akukayika akafunse pa Nsaru.

Amayi okha ndiwo sanavine. Anakhala pa mpando akuyang'ana mdzukulu wawo, n'kumakonza mpango umene sunasokonekere.

"Ndiye kuti wagona popanda ine," anatero.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu a situdiyo. Chitsulo chanuchi chapirira ine. Kodi mdzukulu wangayu chingamupirire?"

"Chimapirira ng'oma, amayi."

"Ndiye akadzuka mumujambule akulira. Mundiikire m'foni. Ku Phalombe kukakhala zii, ndizikamuyatsa."

Tinadikira, anthu amene tinavutika tsiku lonse kuti mwana agone tsopano tikufuna adzuke. Chigayo chitazima madzulo, bata lija ndi limene linamudzutsa. Ndinamuyandikizira maiki, ndipo mnyamatayo anagwira ntchito yake mokhulupirika, mpaka mbuzi za pamsika zinadula zingwe. Ndinawaseweretsera agogo ake. Anamvetsera maso ali otseka, akugwedeza mutu, misozi ikutsika, kenako anatukula chala.

"Mubwereze. Apo pomaliza sanalire bwino, amatha kuposa pamenepo."