Likhweru M'kalasi ya Chisipanishi

Anthu inu, zimene ndikufuna kukuuzanizi si nthano, ndipo amene amandidziwa kuno ku Hull angandichitire umboni kuti ine si munthu wokonda nkhani zamizimu. Ndinakulira m'kwaya, ndipo wina akangoyamba za afiti ndimakhala woyamba kunyamula chikwama n'kutsanzika. Koma izi ndinazimva ndi makutu angawa, masanasana, m'kalasi ya pakoleji yowala ndi magetsi, ndipo ngakhale padutsa zaka, ndikazikumbuka thupi limachitabe tsemwe.

Nditalembetsa kosi ya Chisipanishi, anzanga a kutchalitchi anandiseka mpaka kugwira nthiti. Ankati mzimayi wosambitsa agogo m'nyumba yosamalira okalamba, Chisipanishi n'cha chiyani, pomwe Chizungu cha anthu a ku Hull chenichenicho chikundipinda? Ena anafika pofalitsa kuti ndapeza bambo wa ku Spain. Ndinkangoseka nawo, poti pakamwa pa munthu sungaikepo chitseko, koma chifukwa chake chinali mlongo wanga wopondana naye.

Tinakulira ku Ndirande, ndipo mwana ameneyu anali wosamva, wokonda mpira kuposa chakudya. Bambo athu anali aukali, ndiye akachedwa kubwalo ankaima kuseri kwa nyumba n'kuimba likhweru lakelake, lokwera kenako n'kutsika ngati munthu wofunsa funso. Ine ndikamva ndinkatsokomola, kutanthauza kuti ndamva, dikira ndikutsegulire. Mgwirizano umenewu sankaudziwa wina aliyense, kapena ndinene kuti ndi mmene tinkaganizira ifeyo.

Atakula anapita ku Joni monga anyamata ambiri, n'kukafika mpaka ku Cape Town, kumene anapeza ntchito m'sitima yausodzi ya anthu a ku Spain. Tangoganizani, munthu wa ku Ndirande amene madzi ankawadziwa ndi a mumtsinje wa Nasolo basi, lero ali panyanja yamchere! Foni yake yomaliza anandiimbira ali padoko lina kumpoto kwa Spain, mphepo ili phuu, nati akulowanso m'madzi ndipo akakatuluka adzabwera kudzandiona, poti tsopano tayandikana. Kuchokera tsiku limenelo, zii. Nambala imene anaimbirayo ndinaiyesa kambirimbiri, ndipo tsiku lina anayankha mzimayi amene analankhula kwa nthawi yaitali, mofatsa, ine ndikungoti halo, halo, osatolapo kanthu. Kenako nambalayo inaleka kugwira. Kodi mukudziwa mmene zimawawira kuganiza kuti mwina munthu anakuuza kumene kuli m'bale wako, iwe n'kungomva phokoso?

Kumudzi amalume anayesa kunena kuti zaka zachuluka, tichite mwambo wamaliro kuti mitima ikhale pansi. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wawo sadzamulira asanaone thupi lake, ndipo nambala yawo ya foni anakana kuisintha ngakhale foniyo inali yomanga ndi mphira, kuopa kuti angadzaimbe n'kuwasowa. M'banja mwathu mawu oti wamwalira anasanduka mwano. Inenso ndinkamulota kawirikawiri ali moyo, atanenepa, akundiseka kuti ndakalamba.

Ndiye Loweruka lililonse m'mawa ndinkakwera basi kupita kukoleji, nthawi zina ndisanapume n'komwe. Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi wa ku Mexico, wansangala, wolankhula ndi manja omwe. Anzanga a m'kalasi ambiri anali azungu opuma pantchito, ofuna kudziwa kuitanitsa vinyo akapita kutchuthi, pomwe ine ndinkafuna kudziwa kufunsa kuchipatala, kupolisi ndi kumadoko. Mutu wanga unali wouma, lilime lolemera, koma ndinkalimbikira ngati mwana wa mayeso a Sitandade 8. Ndinayamba kuimba mafoni ku Spain ndi timawu tanga tothyokathyoka, ndipo ena ankandimvera chisoni, ena ankangodula.

Chakumayambiriro kwa Novembala, mphunzitsi uja anati kwawo amakhala ndi tsiku lokumbukira akufa, ndipo atiphunzitsa pochita zenizenizo. Anati tibwere ndi zithunzi za okondedwa athu omwalira, ndipo Loweruka lotsatira tinapeza atayala tebulo pakona, pali nsalu, maluwa achikasu, buledi ndi makandulo a batire, poti kukoleji salola moto. Anatiuza kuti kwawo amakhulupirira kuti tsiku limeneli akufa amabwera kudzacheza, n'chifukwa chake amawaikira zimene ankakonda kudya. Aliyense aike chithunzi cha wake, anene m'Chisipanishi kuti anali ndani. Koma anachenjeza, chala chili m'mwamba, kuti patebulo pamenepo sipaikidwa chithunzi cha munthu wamoyo.

Ine sindinabweretse chithunzi cha phunzirolo, koma cha mlongo wanga sichinkachoka m'chikwama. Ndinakhala n'kumaonerera anzanga akuimirira mmodzimmodzi, uyu mwamuna wake, uyu mayi ake, bambo wina mpaka galu wake, akulira pang'ono, ena akuwasisita pamsana. Ndinene zoona, ndinawachitira nsanje. Anthuwa anali ndi poika chisoni chawo, pomwe changa ndinali nditachisenza zaka zonsezi popanda potula. Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji, ndinangozindikira chithunzi chili pakati pa maluwa, ndipo pambali pake ndathira mtedza wokazinga umene ndinkayenda nawo wodyera m'basi, poti iye mtedza ankaukonda ngati mbewa.

Kenako pakamwa panga panatuluka mawu amene m'Chichewa sindikanatha kuwanena ngakhale mutandiloza ndi mpeni. Ndinati uyu ndi mlongo wanga, ankakonda mpira, anafera panyanja. M'chilankhulo cha eni anatuluka mosavuta, ngati akunena ndi munthu wina. Mphunzitsi anandiyamikira kuti sindinalakwitse paliponse.

Nthawi yopuma itakwana onse anatsikira pansi kukagula tiyi, ine ndinatsala ndekha. Kalasiyo inali pamwamba, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, kunja kamvula kakuwaza. Ndili chikhalire choncho, ndinamva likhweru kuseri kwa chitseko, lokwera kenako n'kutsika.

Poyamba ndinadziuza kuti ndi wokolopa, kapena mphepo, koma ndi mphepo yanji imene imadziwa likhweru la kuseri kwa nyumba ya ku Ndirande? Linaliranso, ulendo uno m'kalasi momwemo, chitseko chisanatseguke. M'chipinda monse munadzaza fungo la nsomba ndi dizilo, ndipo musandiuze kuti Hull ndi mzinda wa padoko, chifukwa ndakhalamo zaka ndipo fungo limenelo sindinalimvepo m'kalasi. Kumsana kwanga kunazizira ngati wina waima pafupi ndi zovala zonyowa. Linaliranso pafupi ndi khutu langa, motsitsa, mwaulemu, ngati mmene ankachitira akadziwa kuti bambo sanagone.

Apa ndiye pamene pamandipweteka mpaka lero. Chifuwa chinabwera chokha pakhosi, chifuwa chathu chija, thupi langa linafuna kuyankha lisanandifunse. Koma ndinakumbukira zimene amayi anatiphunzitsa tili ana, kuti ukaitanidwa ndi munthu amene sukumuona usayankhe, ungapite naye. Ndinadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri, ndinatsinzina, misozi ikuyenderera m'zala, chifuwacho ndikuchimeza ngati mwala. Anadikira, ndinamva ndithu kuti akudikira. Kenako kuzizira kuja kunachoka pang'onopang'ono, fungo linatha, ndipo ndinamva anzanga akukwera masitepe akuseka.

Mphunzitsi anandipeza ndikupukuta misozi, n'kundipatsa tiyi wake. Onse anati sanamve kanthu ndipo sanakumane ndi munthu m'khonde. Nditapita kukatenga chithunzi, ndinaona timakoko tofiira ta mtedza titamwazika pansalu, mtedza wina uli woyera. Mlongo wanga ankadya choncho, kuufikisa m'manja n'kuuzira makoko, ndipo amayi ankamukalipira tsiku ndi tsiku chifukwa chodetsa pakhonde. Munganene kuti wina anatolako podutsa, koma m'chipindamo ndinalimo ndekha.

Kuyambira tsiku limenelo sindinamulotenso. Ndinkagona ndikupempha kuti abwere, ngakhale kudzandikalipira, koma ayi. Mantha anga anasintha, ndinayamba kudzifunsa ngati anali moyo kwinakwake, ine n'kumupha ndi pakamwa panga pomuika pakati pa akufa. Amayi akaimba foni n'kufunsa ngati Chisipanishi chatulutsa kanthu, ndinkayankha za nyengo. Ndikanawauza bwanji kuti mwana amene iwo akumusungira nambala ya foni, ine ndamulengeza kwa azungu kuti anafa?

Chinsinsi chinandidya mpaka ndinaonda, ndipo tsiku lina masana ndinawaimbira n'kuwauza zonse, za tebulo, za mawu aja, za likhweru. Ndinkayembekezera kuti anditukwana kapena adula foni. Sanatero, ndipo chapatali ndinkamva nkhuku ndi ana a aneba. Kenako anandifunsa ngati linali likhweru lija la kuseri kwa nyumba, ndipo apo m'pamene ndinadziwa kuti zaka zonse zija ankatimva, ankangotisiya. Ndinavomera. Anafunsa ngati ndinatsokomola. Ndinati ayi, poti ndi iwo amene anatiphunzitsa kusayankha. Amayi analira kulira kumene sindinakumvepo chichokereni mlongo wanga, nati lamulo limenelo n'la alendo, osati mwana wa m'nyumba, ndipo mwana wawo wayenda mtunda wonsewo, wonyowa, n'kupeza chitseko chotseka.

Mwezi wotsatira amayi eniake anaitana amalume kuti mapemphero a maliro aja achitike. Ine ndinawaonera pafoni, nditakhala pabedi kuno, chitenje chili m'chiuno.

Zimene ndimakhulupirira tsopano ndi izi, ndipo abusa anga andikhululukire. Sindinamuphe ine, nyanja inali itamutenga kale. Koma zaka zonsezo palibe amene anamukonzera malo, tonse tinkamudikira ngati wamoyo, ndiye analibe pofikira. Tsiku loyamba limene wina anamuyalira nsalu n'kumuikira mtedza, anabwera, ndipo anabwera kwa ine chifukwa ndine amene ndinkamutsegulira.

Kosi ndinaimaliza, Chisipanishi ndimalankhula ndithu, moti mzimayi wa pafoni uja atati aimbe lero ndingamve zonse, kungoti palibenso chofunsa. Mphunzitsi uja amandiitanabe chaka chilichonse akayala tebulo lake, ndipo ndimapita ndi chithunzi ndi mtedza. Ena akatsikira kukagula tiyi ndimatsala dala, ndimakhala pampando womwe uja, manja ali pamiyendo, kumvetsera. Chimene chinandiopsa kuposa china chilichonse m'moyo mwanga ndi chimene ndimachipempha tsopano, koma sichinabwerenso.

Choncho abale anga, makamaka inu muli kunja kuno amene muli ndi wanu amene anangosowa, miyambo ya eni musamaitenge ngati masewera a m'kalasi, ndipo musamuitane munthu ngati mulibe mtima womulandira. Koma mukamuitana, akabwera n'kukuitanani m'njira imene mumaidziwa awiri nokha, musachite zimene ndinachita ine. Muyankheni, chifukwa mwina sadzabweranso kachiwiri.